ZIMENE TAPHUNZIRA PA ZA ODWALA SITIROKO

Mau amene Mlembi wa Mvano adalankhula pa tsiku la chikondwerero cha bungwe lathu



Mwamva kale za chuma cha bungwe ndi maina a amai amene adatitsogola kunka kwa Atate. Tsono komiti idatituma kuti pa tsiku lalikulu lino tinene za ntchito imodzi mwa ntchito zathu, ndiyo ya kuyendera odwala. Titaona m'buku la maulendo athu, tidapeza kuti nyumba zimene timabwererako kawirikawiri ndi za anthu amene adafa ziwalo mbali imodzi, matenda amene achipatala amati sitiroko. Kale tinkati ndi matenda a nkhalamba ndi anthu a m'tauni, koma lero afika pa mudzi uliwonse, ndipo akugwira ngakhale amai amene ali ndi ana kumbuyo.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Chaka chatha, nthawi yokolola, mmodzi wa amai athu akale, amene adatiphunzitsa ambiri a ife malamulo a Mvano, adagwa m'mawa akusesa pabwalo. Dzina lao sititchula, koma adatilola kunena nkhani yao. Tidawapeza kamwa litapotoka, mau osamveka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zili lobodoka. Tidawanyamulira m'nyumba ndi kuwamwetsa madzi ali chigonere, ndipo adatsamwa. Ena adayamba kunong'ona kuti aponda mankhwala, mpaka dzina la munthu wosalakwa lidatchulidwa. Ku chipatala adafika patapita masiku awiri. Atabwerako, ife tidagawana masiku. Tinkawadyetsa, kuwasambitsa, kuwaveka, osawalola kugwira ngakhale kapu. Powadzutsa tinkakoka dzanja lodwalalo. Patapita miyezi iwiri phewa lidayamba kupweteka usiku wonse, zala zidafumbata, ndipo amai aja, amene kale ankatsogolera nyimbo, adangokhala chete kuyang'ana khoma. Ife tinkati tikuonetsa chikondi.

Mulungu adatichitira chifundo. Mwana wa mpingo uno amene amagwira ntchito ya mafizo ku chipatala adabwera ku tchuthi, ndipo ataona zimene tinkachita adatipempha masiku atatu a msonkhano kuti atiphunzitse. Ambiri a ife sukulu tidalekezera ku pulaimale, choncho tidamuuza kuti alankhule pang'onopang'ono, ife nkumalemba, ndipo pambuyo pake iye adawerenga zolembazo ndi kukonza. Ndizo tikupatsani lero.

Kodi sitiroko nchiyani?

Sitiroko ndi matenda a mu ubongo, ngakhale amaonekera pa dzanja ndi mwendo. Amabwera pamene mtsempha wopita ndi magazi ku ubongo watsekeka, kapena pamene waphulika magazi nkutayikira m'mutu. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imaonongeka. Ubongo wa kumanzere ndiwo ulamula thupi la kumanja, ndipo wa kumanja ulamula thupi la kumanzere. Kwa anthu ambiri mau amachokera ku ubongo wa kumanzere, nchifukwa chake amai athu aja, pofa mbali ya kumanja, adatayanso mau. Nzeru zao zidalipo, ndipo zonse zimene tinkanena pamutu pao ankazimva.

Chimene chimabweretsa matendawa kopambana ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Malawi wa chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Mu 2016 adalengeza za kafukufuku wina wa ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, amene adayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu 503 osadwala. Adapeza kuti BP ndiyo idali patsogolo, ndipo kachilombo ka HIV kadali kachiwiri, makamaka kwa anthu a zaka zochepa. Shuga, fodya, ndi mchere wambiri m'ndiwo zimaonjezera. Onani, amai, palibe mfiti pa mndandanda umenewu.

Mmene akatswiri amayesera chithandizo

Tidamfunsa mwana wathu uja kuti, kodi inu mumadziwa bwanji kuti ichi chithandiza, ichi sichithandiza, pakuti odwala ena amapeza bwino okha? Iye adati funso limeneli ndilo gwero la kafukufuku. Akatswiri amatenga odwala ambiri amene avomera, nawagawa m'magulu awiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Gulu lina lilandira njira yatsopano, lina lilandira chithandizo cha masiku onse. Patapita miyezi, anthu ena amene sadziwa kuti wodwala adali m'gulu liti amabwera kudzayesa mmene akuyendera, mmene akugwirira zinthu, ndi ngati akutha kudzisamala. Akatero amawerenga. Nthawi zina njira imene onse ankaikhulupirira imapezeka yopanda phindu, ndipo iwo amanena poyera.

Choyamba: chisamaliro cha masiku oyamba

Mu 1993 dokotala wa ku Glasgow, ku Scotland, dzina lake Peter Langhorne, pamodzi ndi anzake, adasonkhanitsa zofufuza 10 zimene zidachitika kale. Adaona kuti odwala sitiroko amene adagonekedwa m'chipinda chaochao, mmene madokotala, anamwino ndi a mafizo amagwira ntchito mogwirizana, adamwalira ochepa kuposa amene adagonekedwa pamodzi ndi odwala ena onse. M'zipindazo mudalibe mankhwala achilendo ai. Chidalipo ndi kusamala tinthu timene timaoneka tating'ono. Ku Australia, mu 2011, anamwino a m'zipinda 19 adachita nao kafukufuku wa zinthu zitatu: kutsitsa kutentha kwa thupi, kuyang'anira shuga, ndi kuyesa ngati wodwala akutha kumeza asanampatse chakudya. Kumene adatsata zitatuzi, odwala 42 mwa 100 alionse adamwalira kapena kukhala odalira ena, koma kumene sadatsate adali 58 mwa 100.

Za kumezazi zidatibaya mtima. Sitiroko imafooketsa kummero, ndipo madzi kapena phala zimatha kulowera ku mapapo, nkubweretsa chibayo chimene chimapha ambiri. Madzi aja tidawamwetsa amai athu ali chigonere akadatha kuwapha.

Chachiwiri: kudzuka msanga, koma mwa nzeru

Zidadziwika kale kuti kugona nthawi yaitali kumaononga wodwala. Tsono akatswiri ambiri ankaganiza kuti kumdzutsa tsiku lomwelo ndi kumlimbikitsa kwambiri ndiko kwabwino koposa. Mai wina wa mafizo wa ku Melbourne, Julie Bernhardt, adatsogolera kafukufuku wa odwala 2,104 m'zipatala 56 za m'maiko asanu, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2015. Zidadabwitsa ngakhale eni ake. Mwa amene adadzutsidwa asanathe maola 24 ndi kuchita mafizo ambiri, 46 mwa 100 ndiwo adapeza bwino pa miyezi itatu, pamene mwa anzao a chisamaliro cha masiku onse adali 50 mwa 100. Ataunikanso adaona kuti kudzuka kanthawi kochepa koma kawirikawiri kudali bwino kuposa kudzuka nthawi yaitali kamodzi. Choncho tsiku loyamba si la ife lophunzitsa munthu kuyenda. Achipatala akalola, ayambe kukhala tsonga, kenaka kuimirira, pang'ono koma kangapo pa tsiku. Akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu: dzanja lodwala ligwire ntchito

Apa mpamene tidaona kulakwa kwathu kwakukulu. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, adaphunzira pa anyani amene dzanja lao limodzi lidali losamva kukhudza. Anyaniwo adaleka kuligwiritsa ntchito, ngakhale lidali ndi mphamvu yoyenda. Koma atamanga dzanja labwino, anyani adayambanso kugwira chakudya ndi dzanja lija. Iye adati chiwalo chimatha kuiwalika chifukwa mwini wake wazolowera kuchisiya. Munthu wa sitiroko amayesa kugwira kapu, kapu nkugwa, iye nkuchita manyazi, ndipo kuyambira pomwepo zonse amachita ndi dzanja labwino.

Njira imeneyi adaiyesa pa anthu, ndipo mu 2006 Steven Wolf wa ku Atlanta ndi anzake adalengeza za odwala 222 amene adadwala sitiroko miyezi 3 mpaka 9 m'mbuyomo. Kwa masiku 14 gulu lina lidavala chophimba ku dzanja labwino pafupifupi usana wonse, ndi kuphunzira ntchito ndi dzanja lodwala mpaka maola 6 pa tsiku. Anthuwa adayamba kugwira zinthu msanga ndi kugwiritsa ntchito dzanjalo kunyumba kuposa anzao, ndipo patatha chaka phindulo lidalipobe. Ubongo, akutero akatswiri, umatha kulambula njira zatsopano polambalala pamene padaonongeka, koma njirazo zimatseguka ndi kubwerezabwereza, monga kanjira ka ku chitsime kamaoneka chifukwa anthu apitamo tsiku ndi tsiku.

Pali chenjezo. Onse a m'kafukufukuyu adali oti ankatha kale kutambasula zala ndi kutukula dzanja pang'ono. Tisapite kukamanga manja a odwala ndi chitenje popanda a mafizo kutiuza, pakuti munthu wosakhazikika pa miyendo angagwe alibe chogwirira. Chimene ife tingatengepo nchakuti ntchito iliyonse imene wodwala angathe, timsiyire, ngakhale achedwe, ngakhale ataye ndiwo pa chovala.

Chachinai: galasi

Ichi chidatiseketsa poyamba. Wodwala amakhala pa tebulo, galasi liimiritsidwa pakati pa manja ake awiri, dzanja lodwala libisika kuseri. Iye amayendetsa dzanja labwino akuyang'ana m'galasimo, ndipo maso amauza ubongo kuti dzanja lodwala lija likuyenda. Njirayi adayamba nayo V. S. Ramachandran wa ku California pothandiza anthu odulidwa manja, ndipo mu 1999 iye ndi Eric Altschuler adaiyesa pa odwala sitiroko 9 okha. Pofika 2018 akatswiri adasonkhanitsa zofufuza 62 za anthu 1,982, napeza kuti galasi limathandiza kuyenda kwa chiwalo ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, likaphatikizidwa ndi mafizo ena. Galasi lotere tingalipeze pa msika.

Chachisanu: makina kapena kunyumba?

Ambiri timaganiza kuti odwala athu akadakhala ndi ndalama zopitira kunja kumene kuli makina, bwenzi atachira. Mu 2011 ku America adalengeza za kafukufuku wa odwala 408, wotsogozedwa ndi Pamela Duncan. Ena adaphunzira kuyenda pa makina odula, atamangiriridwa m'malamba owanyamula. Ena adakhala kwao, wa mafizo nkumabwera kudzawaphunzitsa zolimbitsa miyendo ndi kuima osagwa, maulendo 36. Patatha chaka, 52 mwa 100 adayamba kuyenda bwino kuposa kale, ndipo panalibe kusiyana pakati pa a makina ndi a kunyumba. Ndiponso a pa makina ndiwo adadandaula chizungulire kawirikawiri. Izi zidatilimbitsa mtima, pakuti mpando, khoma ndi khonde tili nazo.

Chachisanu ndi chimodzi: zimene sizidathandize

Tinene zoona zonse, ngakhale zosakoma. Ku India, kumene a mafizo ndi ochepa monga kuno, adayesa kuphunzitsa achibale kuti ndiwo azichititsa mafizo kunyumba. Odwala adali 1,250 m'zipatala 14. Mu 2017 zidadziwika kuti pa miyezi 6, m'magulu onse awiri, odwala 47 mwa 100 adali atamwalira kapena akudalirabe ena. Maphunziro ochepa a achibale sadasinthe kanthu. Titamva izi tidakhala chete, ndipo mai wina adafunsa kuti, nanga ife tikuvutikiranji? Mwana wathu adayankha kuti a ku America aja adapindula kunyumba chifukwa wodziwa ntchito ankabwera kudzaona ndi kuonjezera zochita, ndipo phunziro lake nlakuti chikondi cha achibale sichilowa m'malo mwa wophunzira. Ife ndi othandiza, sitili madokotala. Ntchito yathu ndi kufikitsa wodwala kwa a mafizo, kumva bwino zimene alamula, kuona kuti zikuchitikadi tsiku lililonse, ndi kumbwezanso pa tsiku limene amuitana.

Za mankhwala nazo zili chimodzimodzi. Mu 2011 kafukufuku wa ku France wa odwala 118 adapereka chiyembekezo chakuti mankhwala otchedwa fluoxetine angathandize ziwalo kubwerera. Koma atawayesa ku Britain pa odwala 3,127, zotsatira za mu 2018 zidaonetsa kuti ziwalo sizidachire kuposa za anzao. Mankhwalawo adachepetsa matenda a kukhumudwa, koma othyoka mafupa adachuluka. Ngati akatswiri amayesa chotere asanavomereze, ife tisafulumire kugulitsa mbuzi chifukwa munthu wa m'basi wanyamula botolo limene akuti lidzutsa ziwalo pa sabata imodzi. Mankhwala amene achipatala apereka a BP, a shuga, oletsa magazi kuundana, ndi ma ARV kwa amene amamwa, amenewo asalekedwe, pakuti ndiwo ateteza ku sitiroko yachiwiri.

Zimene tagwirizana kuchita

1. Tikaona munthu kamwa lapotoka, dzanja lafooka, kapena mau asokonekera mwadzidzidzi, tithamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha. Tisammwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, ngakhale asipirini, pakuti sitidziwa ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika.

2. Wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo asagone atangotha kudya. Akamatsokomola pa kudya kapena mau akamamveka ngati muli madzi kummero, tileke ndi kukauza achipatala.

3. Amene satha kudzitembenuza timtembenuze pa maola awiri alionse, ndipo pogona pake pakhale pouma, kuopa zilonda.

4. Tisakoke dzanja lodwala, ndipo tisamnyamule m'khwapa. Akakhala pansi, dzanjalo litsamire pa pilo kapena pa tebulo, lisalendewere.

5. Tifunse ku chipatala cha boma kapena cha mishoni tsiku limene a mafizo amaona odwala. Ku Blantyre kuli malo a Kachere amene ntchito yao ndi yomweyi. Kuchira kumafulumira m'miyezi itatu yoyamba, choncho miyezi imeneyo isathere pa mphasa, ngakhale kuti pambuyo pake munthu amapitirirabe kupeza bwino akalimbikira. Thumba la Mvano lithandize pa ndalama ya ulendo kumene banja lalephera.

6. Tilankhule naye mwini wake, osati pamutu pake. Timfunse funso limodzi, tidikire yankho. Pafupifupi mmodzi mwa atatu a odwala sitiroko amagwidwa ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo amenewo ndi matenda ofuna chithandizo, si kuchepa kwa chikhulupiriro.

7. Tikumbukire wosamala wodwala, amene kawirikawiri ndi mai kapena mtsikana wa sukulu. Timlandire ntchito tsiku limodzi kuti apume, apite ku munda kapena ku kalasi. Inu abambo, kutembenuza ndi kuimiritsa munthu wamkulu kumafuna mphamvu zanu. Mutu umodzi susenza denga.

8. Ife eni tiyezetse BP, ndipo tichepetse mchere. A zaumoyo a dziko lonse amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mchere wa m'ndiwo ndi m'usipa womwe. Ndife amai amene timagwira chikombe cha mchere pa moto, choncho moyo wa amuna athu uli m'manja mwathu.

Mufuna kudziwa za amai athu aja. Tidapita kukapepesa kwa iwo, ndi kwa munthu uja adanamiziridwa. Adayamba kupita ku mafizo, ndipo kunyumba tidawapatsa ntchito: kutola nyemba m'lichero, kupukuta tebulo, kukweza kapu yopanda madzi. Tsiku loyamba adalira, nafenso tidafuna kuwalanda lichero, koma tidadzigwira. Sitikunamizani kuti adachira konse. Zala sizitha kumanga mpango, phewa limapwetekabe kukazizira, ndipo miyezi iwiri ija tidataya siidzabwerera. Koma amayenda ndi ndodo kufika ku chimbudzi okha, amadya okha, ndipo mau akubwerera. Chodabwitsa nchakuti kuimba kudabwera msanga kuposa kulankhula, ndipo mwana wathu adati zimenezi zimachitika kwa ambiri otaya mau. Lero ali pakati pathu, avala yunifolomu yao.

Mu Marko mutu 2 timawerenga za munthu wakufa ziwalo wa ku Kapernao amene anzake anai adamnyamula. Atapeza pakhomo podzaza sadabwerere, koma adasasula denga ndi kumtsitsira pamaso pa Yesu. Anai aja sindiwo adamchiritsa, koma popanda iwo sakadafika. Ndipo Ambuye atamchiritsa, mphasa ija adanyamula ndi mwini wake, anzake sadamnyamulire. Ifenso tinyamule odwala athu kufikira kumene kuli chithandizo, tiwapempherere kosaleka, ndipo ikafika nthawi yakuti anyamule okha, tichotse manja athu.

Tithokoza mwana wathu amene adatiphunzitsa osalandira kanthu, tithokoza Abusa ndi akulu a mpingo potilola kuchita maphunzirowa m'tchalitchi muno, ndi inu nonse potimvetsera moleza mtima. Amene afuna kulembetsa pa mndandanda wa oyendera odwala aonane ndi Mlembi mapemphero akatha. Mulungu wa mtendere adalitse Mvano wathu ndi mabanja athu onse m'zaka zikubwerazi.